Adachenjezedwa, Adamva, Adasankhabe: Mfumu Imene Aisraeli Adaipempha ndi Imene Ife Tidaiitana

(Nkhani yokambidwa kwa anthu a mipingo ndi mizikiti ku Lifuwu, m'boma la Salima)



Ndiyambe ndi kupereka ulemu kwa eni nthaka, mafumu athu nonse, a Gulupu ndi anyakwawa amene mwakhala kutsogolo kuno. Ulemu kwa inu abusa, ansembe ndi mashehe athu, kwa inu aphunzitsi, kwa inu amayi amene mwasiya mpunga kusikimu kuti mudzakhale nafe, ndi kwa inu abambo amene mwachezera panyanja usiku wonse koma simunafune kumva nkhaniyi m'kamwa mwa anzanu. Achinyamata kumbuyoko, senderani pafupi, poti zambiri zimene ndinene lero ndi zanu. Ndakulonjerani nonse, anthu a ku Lifuwu.

Nkhani imene ndabwera nayo ndi yakale, ya zaka pafupifupi 3,000 zapitazo, ndipo si ya mpingo umodzi. Akhristu mumaipeza m'buku loyamba la Samueli, mutu 8. Asilamu mumaipeza m'Qur'an, mu Surat al-Baqarah, pamene akuluakulu a ana a Israeli adapita kwa mneneri wawo kukapempha mfumu yowatsogolera kunkhondo, n'kupatsidwa Talut, amene Akhristu amamutchula kuti Sauli. Ndiye palibe mlendo pankhaniyi. Ndi nkhani ya anthu amene adachenjezedwa, adamva, koma adasankhabe chomwecho chimene adachenjezedwa nacho.

Ndili ndi mfundo zinayi. Yoyamba: madandaulo a Aisraeli adali oona. Yachiwiri: chenjezo la Samueli lidali lomveka, ndipo lidakwaniritsidwa. Yachitatu, imene ndikhalitsepo: zomwezi zidachitika kuno kwathu, makolo athu akuona. Yachinayi: zimene mneneri adachita atakanidwa, ndi zimene ife tingachite pano pa Lifuwu.

Mfundo yoyamba: madandaulo awo adali oona.

Tisawaseke anthu aja. Nthawi zambiri tikamalalikira nkhaniyi timawaonetsa ngati osamva, ouma mutu, anthu amene zidawakoma n'kuyamba kufuna zachilendo. Sizidali choncho ayi.

Masiku amenewo Israeli adalibe mfumu. Adali mafuko 12, fuko lililonse ndi akuluakulu ake. Nkhondo ikabwera, pamadzuka mtsogoleri, monga Debora, Gideoni kapena Yefita, ndipo nkhondo ikatha aliyense amabwerera kumunda kwake. Gideoni adamupemphapo kuti akhale mfumu, iye n'kukana. Koma pofika nthawi ya Samueli zinthu zidathina. Kumadzulo, m'mphepete mwa nyanja yaikulu, kudali Afilisti, anthu odziwa kusula chitsulo. M'dziko lonse la Israeli mudalibe wosula zitsulo. Ngakhale khasu kapena nkhwangwa ikabuntha, mwini wake amatsikira kwa Afilisti omwewo kukanoletsa, n'kulipira. Ku Afeki Aisraeli adagonja moipa, mpaka Bokosi la Chipangano lidalandidwa. Kum'mawa kudali Nahasi, mfumu ya Aamoni, amene adauza anthu a ku Yabesi Gileadi kuti mtendere aupeza pokhapokha atawakolowola diso lakumanja aliyense. Pakati penipeni, Samueli adali atakalamba, ndipo ana ake awiri, Yoweli ndi Abiya, amene adawaika kuti aziweruza milandu ku Beereseba, amadya ziphuphu. Wosauka akapita ndi mlandu wake amabwerako akulira.

Kumadzulo adani, kum'mawa adani, kubwalo la milandu ziphuphu. Mukadakhala inu, simukadapita ku Rama kukadandaula?

Gwirani mfundo iyi, chifukwa ndibwererako: munthu wokhuta sagulitsa ufulu wake. Amene amaugulitsa ndi munthu amene madandaulo ake ndi oona. Inu a kunyanja mukudziwa. Msodzi amene ana ake agona ndi njala, mukamuuza kuti kukubwera mwera, sakutsutsani. Mitambo akuiona, mphepo akuimva pankhope, koma amakankhabe bwato. Si kupusa; njala yalankhula mokweza kuposa mkulu amene akumuletsa. Koma mwera sufunsa chimene chakutulutsa m'nyumba.

Tsono taonani chimene akuluakulu aja adapempha, ndi chimene sadapemphe. Sadanene kuti Yoweli ndi Abiya achotsedwe, paikidwe oweruza okhulupirika. Sadanene kuti mafuko akumane, agwirizane za kadzitetezedwe. Adafuna munthu mmodzi wokhala pamwamba pa onse, kuti afanane ndi mitundu yowazungulira, ndiponso kuti munthuyo aziwamenyera nkhondo zawo. Adatopa kusenza okha katundu wa dziko lawo, nafuna womutula. Vuto lidali la anyamata awiri amene akadatha kuwachotsa. Mankhwala amene adasankha adali munthu amene akadzayamba iye kulanda, sipadzapezeka womuchotsa. Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Mfundo yachiwiri: chenjezo lidali lomveka.

Samueli sadawaopseze ndi moto wochokera kumwamba. Adawawerengera mtengo, chinthu chimodzichimodzi, monga amachitira munthu wokonda abale ake. Adawauza kuti mfumuyo idzatenga ana awo aamuna kukhala asilikali ake, ena olima minda yake, ena osula zida zake. Idzatenga ana awo aakazi kukaphika kunyumba yachifumu. Idzatenga minda yawo yachonde n'kugawira nduna zake. Idzatenga gawo limodzi mwa magawo khumi a zokolola ndi ziweto. Idzatenga antchito awo ndi abulu awo. Pamapeto pake eni akewo adzasanduka akapolo, ndipo tsiku limene adzalire chifukwa cha mfumu yodzisankhira okha, kulira kwawo sikudzayankhidwa.

Adachenjezedwa. Adamva. Adasankhabe. Palibe amene adaimirira n'kunena kuti Samueli akunama. Adangoti zivute zitani, mfumu tikuifuna.

Poyamba zidaoneka ngati mkulu uja adalakwitsa. Sauli, mwana wa Kisi wa fuko la Benjamini, adali wamtali kuposa aliyense, wooneka bwino, wodzichepetsa moti tsiku lomulonga ku Mizipa adakabisala pakati pa akatundu. Adapulumutsadi anthu a ku Yabesi kwa Nahasi. Ndikhulupirira kuti tsiku limenelo ambiri adamuyang'ana Samueli ndi diso lonena kuti, agogo, zija mumanena zija zili kuti? Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sauli yemweyo adayamba kutenga mnyamata aliyense wamphamvu amene wamuona. Yemweyo adaphetsa ansembe 85 ku Nobu tsiku limodzi, powaganizira kuti akuthandiza Davide. Davide, mfumu yokondedwa ija, adatenga mkazi wa msilikali wake Uriya, n'kuphetsa mwamunayo kunkhondo. Solomo, wanzeru uja, adalemba amuna 30,000 ntchito ya thangata, kumawatumiza ku Lebanoni 10,000 mwezi uliwonse, ndipo adagawa dziko m'zigawo 12 kuti chigawo chilichonse chizidyetsa nyumba yachifumu mwezi umodzi pachaka. Atamwalira, anthu adapita ku Sekemu kukapempha mwana wake Rehobowamu kuti awapeputsire goli. Madoda adamulangiza kuti amvere anthu, iye adamvera anyamata anzake, ndipo dziko lidang'ambika pawiri. Kenako Ahabu adasirira munda wa Naboti, Naboti adaphedwa pa mlandu wabodza, munda n'kupita kwa mfumu.

Pali china chimene ndikufuna muchione, chimene sitichitchula kawirikawiri. Taonani mmene wochenjeza ankamuchitira zaka zikamapita. Samueli adangomukana, koma adabwerera kwawo ku Rama mwamtendere. Natani adadzudzula Davide pamaso, Davide n'kuvomera kulakwa. Pofika nthawi ya Ahabu, mfumu idali ndi aneneri ake pafupifupi 400 onena zoikomera, ndipo Mikaya, mmodzi yekha amene adanena zoona, adamenyedwa khofi n'kuponyedwa m'ndende. Pofika nthawi ya Yeremiya, mfumu Yehoyakimu idadula mpukutu wa mawu ake ndi mpeni n'kumauponya pamoto, ndipo pambuyo pake mneneriyo adatsitsidwa m'chitsime cha matope. Kukana chenjezo kumayamba ndi kutseka makutu ako, kumathera pa kutseka pakamwa pa mnzako. Samariya adagwa m'chaka cha 722, Yerusalemu m'chaka cha 586, Yesu asanabadwe. Samva adamva nkhwangwa ili m'mutu.

Mfundo yachitatu: zidachitika kuno kwathu.

Apa ndiyenda mosamala, chifukwa ndikudziwa kuti pakati panu pali ena amene dzina la Ngwazi Dr Hastings Kamuzu Banda limawakumbutsa chakudya chokwanira, misewu ndi ulemu wa dziko, ndipo pali ena amene dzina lomwelo limawakumbutsa m'bale wawo amene adatengedwa usiku osabwereranso. Nonse mukunena zoona. Sindidabwere kudzaweruza munthu amene adagona kale. Ndabwera kudzafunsa za ife, amene tidamupatsa mphamvu zija.

Madandaulo athu nawonso adali oona. Kudali msonkho. Kummwera kudali thangata m'minda ya azungu. Kudali malamulo a malimidwe, amene munthu amalipitsidwa kapena kumangidwa chifukwa cha mizere ya m'munda mwake momwe. Mu 1953 atsamunda adatilumikiza ndi Southern Rhodesia ndi Northern Rhodesia m'chitaganya chimene anthu a Nyasaland adachikana poyera. Chipani cha Nyasaland African Congress chidali chofooka, atsogoleri ake akukokana, ndipo mtsogoleri wake panthawiyo adachotsedwa pa nkhani ya ndalama za chipani. Anyamata ophunzira, Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, adaona kuti anthu akumudzi sangatsatire anyamata. Pafunika munthu wamkulu, wa imvi, wa maphunziro ogometsa. Adalembera Dr Banda, amene adali atakhala kunja zaka zoposa 40. Kalata ya Chipembere idatuluka poyera mu lipoti la Devlin la 1959. M'kalatamo adamuuza kuti anthu amafuna ngwazi yoti aziitamanda, ndipo asadzadabwe akadzamva akumulengeza ngati mpulumutsi. Adadziwa chimene amachita. Adaumba okha.

Dr Banda adatera pa Chileka pa 6 July 1958. Mwezi wotsatira, pamsonkhano wa ku Nkhata Bay, adasankhidwa kukhala mtsogoleri wa Congress, n'kupatsidwa mphamvu yosankha yekha akuluakulu onse a chipani. Adagwiradi ntchito imene adamuitanira. Boma la atsamunda lidalengeza za chipwirikiti pa 3 March 1959, anthu oposa 50 adaphedwa, oposa 1,000 adamangidwa, iye mwini adatsekeredwa m'ndende ya ku Gwelo, ku Southern Rhodesia, mpaka April 1960. Chaka chomwecho cha 1960, kwa anansi athu ku Nkhotakota, m'mphepete mwa nyanja yomweyi, Malawi Congress Party, imene idalowa m'malo mwa Congress, idamulonga kukhala mtsogoleri wake wamuyaya. Tamverani bwino: ufulu usanabwere n'komwe, munthu asanalamulire dziko ngakhale tsiku limodzi, tidali titataya kale njira yomuchotsera.

Kodi wochenjeza adalipo? Adalipo. Dunduzu Chisiza, mlembi wamkulu wa chipanicho, mnyamata wa ku Karonga, adalemba ndi kulankhula poyera kuti maiko a mu Africa amene akulandira ufulu ali pangozi yogwa m'manja mwa wolamulira mwankhanza, ndipo imodzi mwa njira zofikira kumeneko ndi anthu kukhulupirira mtsogoleri wawo mopitirira muyeso. Sadali mdani wa chipani. Adali m'kati mwenimweni. Wakutsina khutu ndi mnansi. Adamwalira pangozi ya galimoto ku Thondwe, pafupi ndi Zomba, mu September 1962, ali ndi zaka 32. Mawu ake adatsala papepala, ng'oma zikulira.

Tidalandira ufulu pa 6 July 1964. Pasanathe miyezi itatu, nduna zidapita kwa Dr Banda ndi madandaulo: tiki imene odwala adayamba kulipira m'zipatala za boma, malipiro a ogwira ntchito m'boma, kuchedwa kopereka maudindo kwa Amalawi, ubwenzi ndi Apwitikizi amene amapondereza abale athu ku Mozambique, ndiponso chizolowezi chake chowatchula kuti anyamata ake pagulu. Mu September 1964 Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo adachotsedwa. Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Chipembere adatula pansi maudindo. Nyumba ya Malamulo idakumana, ndipo aphungu adaimirira mmodzimmodzi kulonjeza kukhulupirika kwawo kwa mtsogoleri. Anthu omwe aja amene adamuitana adathawira kunja. Chipembere adafera ku America mu 1975. Yatuta adaphedwa mu 1967 atalowa m'dziko ndi mfuti. Orton Chirwa, amene adayambitsa Malawi Congress Party mu 1959 Dr Banda ali m'ndende, adafera m'ndende ya Zomba mu October 1992.

Mu 1966 lamulo lidati chipani ndi chimodzi. Mu 1971 lidati pulezidenti ndi wamuyaya. Tsopano tengani mndandanda wa Samueli muuike pambali pa zimene agogo ali panowa adaziona ndi maso awo. Ana aamuna: a Payoniya ndi ayufi, ena mwa iwo atasanduka chiopsezo kwa makolo awo omwe. Ana aakazi: mbumba, kusiya ana ndi minda kukavina kutali masiku angapo. Minda: m'zaka za m'ma 1970 malo ambiri a makolo, makamaka m'chigawo chino chapakati, adasanduka maesiteti a fodya a anthu akuluakulu, pamene mlimi wamng'ono samaloledwa kulima fodya wa bale, ndipo zokolola zake amagulitsa ku ADMARC pamtengo umene sadaupangane ndi munthu. Gawo la zokolola: khadi la chipani, lopanda ilo sulowa mumsika, sukwera basi, ndi mphatso za mazira, nkhuku ndi ndalama zosonkhedwa khomo ndi khomo mtsogoleri akamabwera kudzayendera mbewu. A Mboni za Yehova, amene adakana kugula khadi, adaletsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 zikwizikwi adathawira ku Zambia ndi ku Mozambique nyumba zawo zitatenthedwa. Mu May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adapezeka atafa ku Mwanza. Tidauzidwa kuti ndi ngozi ya galimoto, koma kafukufuku amene adachitika ulamuliro utasintha adapeza kuti adachita kuphedwa. Wolemba ndakatulo Jack Mapanje adakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu.

Ndipo zabwino zidalipo, monga Solomo naye adamanga Kachisi. Yunivesite ya Malawi idatsegulidwa, likulu lidasamukira ku Lilongwe mu 1975, njanji idachoka pano pa Salima kukafika ku Lilongwe, msewu wa m'mphepete mwa nyanja udamangidwa, sikimu za mpunga ngati yathuyi zidakhazikitsidwa. Funso langa si lakuti adamanga kapena sadamange. Funso ndi lakuti: tsiku limene adalakwitsa, adamuuza ndani? Tidali titachotsa tokha aliyense amene akadamuuza. Amene amanyamula anthu usiku sadali alendo ochokera kunja. Amene amaneneza mnansi wake kwa tcheyamani wa nthambi adali wa m'mudzi momwemo. Munthu mmodzi sangatseke pakamwa pa dziko lonse ngati dzikolo silimubwereka manja.

Padapita zaka zambiri chete asanasweke. Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi awo onse m'dziko muno. Idanena zinthu zimene aliyense amazidziwa koma palibe amazitchula: kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro ochepa, mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, kumanga anthu popanda mlandu, mantha olankhula. Boma lidati kukhala ndi kalatayo ndi mlandu woukira. Maepiskopi, motsogozedwa ndi Arkiepiskopi James Chiona, adaitanidwa kupolisi, Monsignor John Roche adathamangitsidwa m'dziko, ndipo nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka kumene kalatayo idadindidwa idatenthedwa. Koma ulendo uno ochenjeza sadatsale okha. Ophunzira a ku Chancellor College adaguba, Chakufwa Chihana adabwerera kudzamangidwa mu April, mipingo ina ndi Asilamu adalowa m'bungwe la Public Affairs Committee. Pa 14 June 1993 Amalawi pafupifupi 63 pa 100 alionse adasankha nyali, kukana chipani chimodzi. Tinene zoona, m'chigawo chathu chapakati ambiri adavotera tambala wakuda wa chipani chimodzi. Sindikunena izi kuti ndichititse munthu manyazi, koma kuti muone mmene zimavutira kusiya mfumu imene udaizolowera. Ndipo timupatse ulemu wake Dr Banda: atagonja pa chisankho cha pa 17 May 1994 adavomereza, ndipo mu January 1996 adapepesa kwa onse amene adazunzika mu ulamuliro wake.

Kodi tidaphunzira? Patangopita zaka 8, mu July 2002, m'Nyumba ya Malamulo mudalowa bilu yoti pulezidenti aziimira kangapo kalikonse, ndipo idalephera ndi mavoti atatu okha. Atatu okha, abale anga. Pa 20 July 2011 ndi tsiku lotsatira, anthu 20 adaphedwa pa zionetsero. Mtima wa ku Rama sudatichoke. Chisankho chilichonse chikayandikira timafunafuna mpulumutsi, timamupatsa maina a m'Baibulo, timamuvinira, ndipo zikavuta timakhala pansi kudikira mpulumutsi wina.

Mfundo yachinayi: zimene Samueli adachita atakanidwa.

Mkulu uja sadanyanyale. Sadanene kuti poti mwandikana, zanu zimenezo. Adachita zinthu zitatu zimene ndikufuna tizitengere kunyumba.

Adalemba malamulo a ufumu m'buku, nawaika pamalo opatulika, kuti mfumu idziwe kuti pamwamba pake pali lamulo. Chilamulo cha Mose, m'buku la Deuteronomo mutu 17, chidaneneratu kuti mfumu isadzichulukitsire akavalo, akazi kapena chuma, ndipo izikhala ndi buku la chilamulo n'kumaliwerenga. Ifenso tili nalo buku lotere. Malamulo oyendetsera dziko lino, gawo 12, amati mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu a Malawi, ndipo wolamulira amangozisunga m'malo mwawo. Gawo 83 limati pulezidenti alamulire zaka zisanu, ndipo asapitirire maulendo awiri otsatizana. Pa 3 February 2020 oweruza asanu adafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019 potsatira buku lomweli. Buku limagwira ntchito ngati alipo anthu olitsegula.

Kenako Samueli adaimirira pamaso pa mtundu wonse ku Giligala n'kuwapempha kuti amene adamulandapo ng'ombe kapena bulu, kapena amene adamupatsapo chiphuphu, anene poyera kuti abweze. Sadapezeke ndi mmodzi yemwe. Mtsogoleri weniweni amadziika yekha pabwalo. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Ndipo sadasiye kulankhula. Sauli yemwe adamudzoza ndi manja ake, atalakwa adamudzudzula pamaso.

Tsono musaganize kuti nkhaniyi ndi ya ku Lilongwe kokha. Mfumu ya ku Rama imabadwa paliponse pamene anthu atopa n'kunena kuti, inu ndi amene mukudziwa, tichitireni. Imabadwa m'komiti ya sikimu pamene tcheyamani wakhala zaka ndi zaka popanda chisankho, madzi n'kumayamba kufika kumunda kwa abale ake okha. Imabadwa m'komiti ya kudoko, BVC, pamene maukonde oletsedwa a munthu wolemera saonedwa koma a wosauka amatenthedwa. Imabadwa m'komiti ya chitukuko cha m'mudzi, VDC, pamene maina a olandira thandizo alembedwa usiku. Imabadwa mumpingo ndi mumzikiti pamene kufunsa za chopereka kwasanduka kusowa chikhulupiriro. Imabadwa pamene malo a m'mphepete mwa nyanja, pamene makolo athu amayanika usipa ndi kukocheza mabwato, agulitsidwa mudzi wonse osadziwa. Sindikuloza munthu chala. Aliyense ayang'ane komiti imene iye alimo.

Musandimve molakwa, mafumu anga. Sindikunena kuti utsogoleri ndi woipa, kapena kuti tichepetse ulemu kwa eni mbumba. M'boma lathu lomwe lino tili ndi chitsanzo chimene anthu amachokera kutali kudzachiphunzira. Pachilumba cha Mbenji, m'dera la Senior Chief Makanjira, usodzi umatsekedwa nyengo ya mvula chaka chilichonse kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo umatsegulidwa pamwambo, anthu onse akuona. Kumeneko mphamvu ya mfumu imagwira ntchito yoletsa kutenga, kuti utaka uswane, ana adzapeze chodya. Lamulo ndi lodziwika kwa aliyense, ndipo pali madoda ndi komiti amene amalisunga pamodzi ndi mfumu. Umenewo ndiwo ufumu wa makolo athu: mfumu imaweruza pabwalo, nduna zili pambali, ndipo amayi aakulu a banja lachifumu, amene amasankha wolowa ufumu, amatha kuiitanira kuseri n'kuilangiza. Mutu umodzi susenza denga. Ufumu umene Samueli adaukana ndi wina: wa munthu amene amatenga, wopanda womufunsa.

Kwa inu anzanga a mipingo ndi mizikiti ndili ndi mawu olemera. Ahabu adali ndi aneneri 400, ndipo onsewo amadya kunyumba yachifumu. Wandale akabwera ndi malata a tchalitchi kapena simenti ya mzikiti chisankho chili pafupi, dzifunseni ngati mudzathe kumudzudzula chaka chamawa mutakhala pansi pa malata akewo. Lamulo la zipani la 2018 lidaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna mavoti, koma lamulolo silingagwire ntchito ngati oyamba kutambasula manja ndi ife atsogoleri. Anthu anu ali ndi madandaulo oona: feteleza wakwera, nsomba zachepa, mankhwala m'chipatala amasowa, achinyamata ali ndi masatifiketi koma ntchito palibe. Ndanena kale, ndibwerezanso: amene madandaulo ake ndi oona ndi amene ali pafupi kugulitsa ufulu wake. Nthawi ngati imeneyi ndi imene amafunika munthu wowawerengera mtengo.

Ndipo inu achinyamata, amene simudaone khadi la chipani, pitani kwa agogo anu madzulo ano mukawafunse mmene zinkakhalira pamsika wa Salima munthu ukaiwala khadi kunyumba. Akuuzeni okha, zabwino ndi zoipa zomwe. Mukatero, msonkhano wa m'mudzi ukaitanidwa musamatsale kudoko kapena pabawo. Pitani, khalani kutsogolo, funsani mwaulemu kuti ndalama za chitukuko za CDF zagwira ntchito yanji, komiti idasankhidwa liti ndipo idzasankhidwanso liti. Wina akaimirira kunena zimene gulu silikufuna kumva, musamukuwize, ngakhale mukuona kuti akulakwitsa. Mulekeni amalize, kenako mumuyankhe ndi mfundo. Ndipo wofuna mpando akadzabwera pano pa Lifuwu n'kukuuzani kuti mavuto anu onse muwasiye m'manja mwake, mufunseni pamaso pa mafumu kuti akadzalakwa mudzamupeza kuti, ndipo adzamuletse ndani.